Msewu wa Pamadzi: Mbiri ndi Kayendetsedwe ka Sitima Zonyamula Anthu Panyanja ya Malawi

1.0 Mawu oyamba

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560 ndipo imakhudza mayiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Anthu ambiri okhala kumtunda amaidziwa nyanjayi chifukwa cha chambo, usipa ndi malo ogona alendo. Koma kwa anthu a pazilumba za Likoma ndi Chizumulu, komanso a m'midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja kumpoto, nyanjayi ndiyo msewu wopita kuchipatala chachikulu, kusukulu, kumsika ndi kumaliro a abale. Msewu umenewu sulira tala kapena milatho. Umalira sitima, madoko ndi kampani yoziyang'anira.

Chimangirizo chino chikufotokoza mbiri ndi kagwiridwe ka ntchito ka kampani imene yakhala ikunyamula anthu panyanjapa. Kampaniyi yadziwika ndi mayina osiyanasiyana. Poyamba inali nthambi ya Nyasaland Railways, kenako ya Malawi Railways, ndipo pambuyo pake inaima payokha ndi dzina lakuti Malawi Lake Services, sitima zake zisanaperekedwe m'manja mwa makampani ena. M'zaka zonsezi sitima imodzi, MV Ilala, ndiyo yakhala nsanamira ya ntchitoyi. Mfundo yaikulu ya chimangirizochi ndi yakuti ntchito yonyamula anthu panyanjapa imafunika kwambiri kumadera kumene siibweretsa phindu la ndalama. Ichi ndicho chifukwa chake oyendetsa akhala akusinthasintha pamene sitima yodalirika ikadali yomwe ija ya mu 1951.

2.0 Sitima zisanabwere

Anthu anayamba kuyenda panyanjayi kalekale, Azungu asanafike. Asodzi ankasema mabwato kuchokera kumitengo ikuluikulu ndipo ankapalasa kuchoka mudzi wina kupita mudzi wina, atanyamula nsomba, chinangwa ndi uthenga. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a Chiswahili ndi Chiarabu anamanga zombo zoyendera mphepo. Jumbe wa ku Nkhotakota anali ndi zombo zotere, zimene ankaolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira.

Komabe bwato ndi chombo zinali ndi malire ake. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo mphepo zake n'zoopsa. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde aakulu kwa masiku angapo osalekeza. M'nyengo ya mvula kumabwera mpoto, nthawi zina modzidzimutsa. Wopalasa bwato amayenda motsata gombe kuti mphepo ikayamba athawire kumtunda, ndipo mwini chombo amadikira mphepo yomukomera. Choncho panalibe amene akanalonjeza tsiku lonyamuka ndi tsiku lofika. Chachilendo chimene sitima inabweretsa panyanjapa chinali ulendo wodziwika tsiku lake.

3.0 Sitima za amishoni, amalonda ndi boma

David Livingstone anafika panyanjayi mu Sepitembala 1859. Iye anamwalira mu 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dera la Ilala, limene tsopano lili m'dziko la Zambia. Patapita zaka ziwiri, amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland anabwera kudzayambitsa mishoni ya Livingstonia motsogozedwa ndi Edward Young, ndipo pagululo panali Dr Robert Laws. Iwo anabwera ndi sitima yaing'ono yoyendera nthunzi imene anaitcha Ilala pokumbukira malo amene Livingstone anamwalirira. Atafika pamathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasula, ndipo anthu pafupifupi 800 anasenza zidutswa zake pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. Sitimayi inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875 n'kukakocheza ku Cape Maclear.

Ena anatsatira. Mu 1878 kunakhazikitsidwa kampani imene inadzadziwika ndi dzina lakuti African Lakes, yomwe anthu ankaitchula kuti Mandala, motsogozedwa ndi John ndi Frederick Moir. Kampaniyi inayendetsa sitima zonyamula katundu wa amishoni ndi wa malonda mumtsinje wa Shire ndi panyanja. Amishoni a UMCA, omwe ndi a Anglican, anakhazikika pa Likoma mu 1885 ndipo anali ndi sitima yotchedwa Charles Janson. Mu 1901 anaonjezera ina, Chauncy Maples, imene inatenga dzina la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Sitima za UMCA zinkayendera midzi ya kum'mawa kwa nyanja zitanyamula ansembe, aphunzitsi ndi mankhwala. Boma la atsamunda nalo linali ndi sitima zankhondo. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, padoko limene lero limatchedwa Liuli ku Tanzania.

Chofunika kuona pa nthawi imeneyi n'chakuti sitima iliyonse inkatumikira cholinga cha mwini wake: kulalikira, kugulitsa katundu kapena kulamulira. Munthu wamba ankakwera ngati malo alipo, nthawi zambiri monga wantchito, wophunzira wa mishoni kapena wopita kukafuna ganyu. Kunyamula anthu kunali kongoonjezera pa ntchito ina imene inkalipira ulendowo.

4.0 Nthawi ya kampani ya njanji

Zinthu zinasintha mu 1935. M'chaka chimenechi mlatho wa njanji pamtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, ndipo njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera ku Chipoka, m'mphepete mwa nyanja. Kuyambira pamenepo katundu wochokera kudoko la Beira ankatha kufika ku Chipoka pasitima yapamtunda n'kupitirira kumpoto pasitima yapamadzi. Kampani ya Nyasaland Railways inatenga ntchito ya panyanja ndi cholinga chakuti nyanja ikhale ngati kupitirira kwa njanji. Sitima yake yoyamba inali Mpasa, yonyamula katundu. Likulu la ntchitoyi linakhazikika ku Monkey Bay, kumene kuli gombe lobisika ku mphepo, ndipo kumeneko ndiko kunamangidwa malo okonzera sitima.

Sitima yoyamba ya kampaniyi yomangidwira kunyamula anthu ambiri inali Vipya. Moyo wake unali waufupi. Pa 30 Julaye 1946, pa ulendo wake wachinayi wokha, inakumana ndi mwera wamphamvu ikuchokera ku Mbamba Bay, ndipo inagudubuzika n'kumira pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, kumunsi kwa phiri la Khondowe. Anthu 145 anafa, ambiri mwa iwo ali m'chipinda chapansi momwe analephera kutulukamo. Iyi ndiyo ngozi yaikulu koposa m'mbiri ya sitima za panyanjapa, ndipo inaonetsa kuti nyanja ya Malawi siisiyana ndi nyanja zamchere pa ukali wake.

Pofuna kutseka mpata umene Vipya inasiya, kampaniyi inaitanitsa sitima ina. Ilala yachiwiri inamangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Monga inzake yoyamba ija, nayo inabwera m'zidutswa. Inadzera ku Beira, kenako panjanji mpaka ku Chipoka, ndipo inalumikizidwa ku Monkey Bay. Inayamba kunyamula anthu mu 1951. Ndi yotalika mamita 52, ndipo imanyamula anthu oposa 350 pamodzi ndi katundu wolemera matani pafupifupi 100. Pa nthawiyo misewu ya kumpoto inali yafumbi ndipo m'dzinja inkaduka. Motero Ilala inakhala njira yodalirika kwa aphunzitsi, ogwira ntchito m'boma, ana asukulu ndi amuna opita kapena ochokera kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, kampani ya njanji inasintha dzina n'kukhala Malawi Railways, ndipo nthambi ya panyanja inakula. Chauncy Maples, imene boma linali litagula kwa amishoni, inakonzedwanso mu 1967 kuti izinyamula anthu ndi katundu. Mu 1980 kunabwera Mtendere, sitima ina yonyamula anthu. Panalinso sitima za katundu monga Nkhwazi ndi Karonga, komanso Ufulu yonyamula mafuta. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala. Apa boma linatembenukira kunjira ya kumpoto: katundu ankachokera ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya mpaka kudoko la Chilumba, m'boma la Karonga, kenako panyanja mpaka ku Chipoka. Sitima yotchedwa Katundu inagulidwira ntchito imeneyi. Koma nkhondo itatha mu 1992, njira za kummwera zinatsegukanso, ndipo katundu wambiri sanadzerenso panyanja.

5.0 Kusintha kwa oyendetsa

Pa nthawi yonse imene sitima zinali pansi pa kampani ya njanji, kutayika kwa ndalama pa ntchito yonyamula anthu kunkabisika m'mabuku a kampani yaikuluyo. Mu 1994, pamene boma linali pakalikiliki wokonzanso makampani ake motsatira malangizo a mabungwe obwereketsa ndalama, ntchito ya panyanja inapatulidwa n'kukhala kampani payokha, Malawi Lake Services. Njanji inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999. Kuyambira pamenepo mwana wa panyanja uja anayenera kudzidyetsa yekha.

Mu 2002 boma linapereka sitima kwa kampani ya Glens Waterways pa mgwirizano wa zaka 20. Mgwirizanowu sunafike kumapeto ake, ndipo patapita zaka zochepa sitimazo zinabwerera m'manja mwa boma. Mu 2010 boma linachitanso mgwirizano wina, wa zaka 35, ndi kampani ya ku Portugal yotchedwa Mota-Engil, imene inakhazikitsa Malawi Shipping Company kuti iziyendetsa sitimazo. Pansi pa kampaniyi Ilala inapumitsidwa kwa miyezi yambiri kuyambira mu 2012 kuti iikidwe injini zatsopano, ndipo mu 2014 kunabwera sitima yocheperapo yotchedwa Chilembwe. Pofika nthawi imeneyi Chauncy Maples ndi Mtendere zinali zitaleka kale kuyenda.

Mgwirizano wotere tanthauzo lake n'lakuti sitima ndi madoko zimakhalabe za boma, koma kampani imaziyendetsa, kuzikonza ndi kutolera ndalama kwa zaka zimene agwirizana. Chiyembekezo chimakhala chakuti kampaniyo ibweretsa ndalama ndi luso zimene boma lilibe. Tikaona mbiriyi, tikupeza kuti pa zaka zosakwana 20, kuchokera mu 1994 kufika mu 2010, ntchitoyi inasintha manja kanayi. Pofuna kumvetsa chifukwa chake, tiyenera kuona kaye mmene ulendo weniweniwo umayendera.

6.0 Ulendo wa pasabata

Mndandanda wa maulendo umene Ilala yatsatira kwa zaka zambiri ndi wa sabata imodzi. Sitima imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa kulowera kumpoto. Imaima ku Nkhotakota, n'kuoloka nyanja kupita ku Likoma ndi Chizumulu Loweruka, kenako n'kuolokanso kupita ku Nkhata Bay usiku wa tsiku lomwelo. Lamulungu imatsata gombe la kumpoto, kuima pa Usisya, Ruarwe, Tcharo ndi Mlowe, ndipo imafika ku Chilumba madzulo. Mtunda wonsewu ndi makilomita pafupifupi 480. Lolemba m'mbandakucha imatembenuka, kudzeranso malo omwe aja, n'kukafika ku Monkey Bay Lachitatu. Lachinayi ndi tsiku lokonza zoonongeka, kuthira mafuta ndi kulonga katundu. M'nyengo zina mndandandawu unkaphatikizapo Chipoka, Makanjira, komanso Metangula ndi Cóbuè ku Mozambique. Izi zikutanthauza kuti munthu wa pa Likoma amaiona sitima kawiri pasabata, ndipo akaiphonya amadikira masiku angapo.

Malo okwera anagawidwa potsata mtengo wa tikiti. Pali zipinda zochepa zokhala ndi mabedi, zimene kawirikawiri mumagona alendo okaona malo. Pali bwalo lapamwamba penipeni, pamene olipira mtengo wa kalasi yoyamba amakhala ndi kugona pamatiresi. Pansi pali kalasi yachiwiri ndi kalasi yotsika mtengo, momwe mumadzaza anthu ambiri pamodzi ndi akatundu awo. Kugawa kotereku kunayamba m'nthawi ya atsamunda, pamene khungu la munthu linkaloza malo ake. Masiku ano chimene chimaloza ndi thumba.

Katundu amene sitimayi imanyamula akuonetsa moyo wa anthu amene imawatumikira. Popita kuzilumba imanyamula matumba a chimanga ndi ufa, shuga, mchere, sopo, zakumwa, simenti, malata, mafuta ndi mankhwala a kuchipatala. Pobwerera imadzaza ndi matumba a usipa ndi utaka wouma wopita kumisika ya ku Nkhata Bay, Mzuzu ndi Lilongwe. Katundu wolemera amakwezedwa ndi makina okhala kutsogolo kwa sitima n'kutsitsidwira m'chipinda chapansi, pamene wopepuka amasenzedwa pamutu.

Ntchito yovuta koposa imakhala pamalo oimapo. Madoko omangidwa, pamene sitima imatha kugunda kumtunda, kwa zaka zambiri anali anayi okha: Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba. Pamalo opanda doko sitima imaponya nangula patali ndi gombe, ndipo amalinyero amatsitsa maboti awiri a injini amene amapita ndi kubwerera kangapo, kutula otsika ndi kutenga okwera. Asodzi nawo amabwera ndi mabwato awo kudzanyamula anthu molipiritsa. Okwera amayenda m'madzi ofika m'chiuno, mwana kumsana, katundu pamutu, nthawi zina pakati pa usiku. Odwala ndi okalamba amachita kunyamulidwa. Ngati katundu wachuluka kapena mafunde akula, kuima kumene kunayenera kutenga maola awiri kumatha kutenga theka la tsiku, ndipo kuchedwako kumakafika pamalo onse otsatira. Apa ndi pamene pamachokera mbiri yakuti Ilala siisunga nthawi.

Kuseri kwa ulendowu kuli antchito osiyanasiyana: kaputeni ndi omuthandiza, amakaniko oyang'anira injini usana ndi usiku, amalinyero, ophika ndi ogulitsa matikiti. Ambiri mwa oyendetsa ndi amakaniko amaphunzira pasukulu ya za panyanja ya ku Monkey Bay. Komweko kuli doko loyandama limene limatukula sitima yonse pamwamba pa madzi kuti amisiri aone ndi kukonza kunsi kwake. Sitima ikakwera padoko limeneli imakhalapo masabata angapo, ndipo ngati palibe ina yolowa m'malo mwake, anthu a kuzilumba amaona zakuda.

7.0 Chifukwa chake phindu limavuta

Pali zifukwa zingapo zimene zimachititsa kuti ntchitoyi isadzilipire yokha. Choyamba ndi misewu. Msewu wa tala wa m'mphepete mwa nyanja, wochokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, unachotsa okwera ambiri m'sitima. Ulendo umene pasitima umatenga usana ndi usiku, pabasi umatha tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mathiraki nawo analanda katundu chifukwa amakatula pakhomo pa mwini wake. Amene anatsala m'sitima ndi okhawo amene alibe njira ina.

Chachiwiri ndi kuchepa ndi umphawi wa otsalawo. Pa kalembera wa mu 2018, boma la Likoma linali ndi anthu opitirira pang'ono 14,000. Chilumba cha Likoma n'chaching'ono, chamiyala ndi mchenga, ndipo sichitulutsa chakudya chokwanira anthu ake. Ku Ruarwe mapiri amatsikira m'nyanja momwemo, moti mudziwo umafikika pamadzi kapena wapansi. Ku Usisya msewu wochokera ku Mzuzu ndi wotsetsereka moopsa ndipo m'dzinja umavuta. Anthu a m'madera amenewa ndi asodzi ndi alimi a chinangwa. Kampani ikakweza mtengo wa tikiti kufika pamene ingapeze phindu, iwo sangakwanitse kukwera. Ikausiya pansi, ndalama zotolera sizikwanira mafuta ndi malipiro.

Chachitatu n'chakuti zolowa pa ulendo sizitsika ngakhale okwera achepe. Sitima imamwa dizilo wofanana kaya yadzaza kaya ili ndi anthu makumi awiri. Dizilo ndi zipangizo za injini zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pamene tikiti imagulidwa ndi kwacha. Choncho kwacha ikagwa mphamvu, monga inachitira mu 2012, mu 2022 ndi mu 2023, zolowa zimakwera msanga kuposa zotolera.

Chachinayi ndi ukalamba wa sitima. Ilala yadutsa zaka 70 ili pamadzi. Injini zingasinthidwe, koma thupi la sitima limatha pang'onopang'ono. Kugula yatsopano n'kovuta chifukwa palibe njira ya pamadzi yochokera kunyanja yamchere kufika panyanja ya Malawi, pakuti mathithi a Shire amatchinga. Monga zinalili mu 1875 ndi mu 1949, sitima yaikulu iyenera kubwera m'zidutswa n'kudzalumikizidwa konkuno, ndipo izi zimakweza mtengo. Kampani imene ikuona kuti matikiti sangabweze ndalama zotere imasankha kumangokonza yakale.

Chachisanu ndi nyanja yeniyeniyo, imene madzi ake amakwera ndi kutsika potsata mvula ya zaka zingapo. M'zaka za m'ma 1990 madzi anatsika kwambiri moti sitima zinkavutika kuyandikira madoko osaya monga Chipoka. Mu 2024 anakwera mpaka kumiza nyumba ndi magombe ambiri. Doko lomangidwira msinkhu umodzi wa madzi limasowa ntchito madziwo akasintha.

Ena angatsutse kuti vutoli lingathe ngati amalonda ang'onoang'ono atapatsidwa mpata, popeza alipo kale eni maboti amene amanyamula anthu pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma. N'zoona kuti maboti otere amathandiza, makamaka Ilala ikakhala pokonzedwa. Komabe mwini boti amasankha njira imene ili ndi okwera ambiri n'kusiya midzi ing'onoing'ono. Boti silingasenze matani ambiri a simenti kapena chimanga, ndipo mwera ukakula limakhala kumtunda, kapena limaika miyoyo ya anthu pachiswe. Ndege zimatera pa Likoma, koma mtengo wake ndi wa alendo okaona malo. Mayi wotumizidwa kuchipatala chachikulu cha Mzuzu kuchokera pachipatala cha St Peter's amadalirabe njira ya pamadzi.

8.0 Zimene mawu ndi mayina akutiuza

Kwa wophunzira chiyankhulo, mbiriyi ikuonekanso m'mawu. Liwu lakuti sitima linabwerekedwa kuchokera ku liwu la Chingerezi lakuti steamer, kutanthauza chombo choyendera nthunzi. Popeza zombo zotere zinafika kuno njanji isanafike ku Blantyre mu 1908, n'zachidziwikire kuti sitima yoyamba kudziwika inali yapamadzi. Njanji itabwera, tanthauzo la liwuli linakula, ndipo anthu anayamba kusiyanitsa sitima yapamadzi ndi sitima yapamtunda. Ilala imayendera dizilo, nthunzi inatha kalekale, koma dzinalo linatsala. Motero Chichewa chinaika njanji ndi nyanja pansi pa liwu limodzi, monga momwe kampani imodzi inayendetsera zonse ziwiri kwa zaka pafupifupi 60.

Mayina a sitima nawo akutsata kusintha kwa eni. A m'nthawi ya amishoni, monga Charles Janson ndi Chauncy Maples, ankakumbutsa Azungu amene anafera kuno. Kampani ya njanji inatenga mayina a zinthu za m'dziko momwemuno: Mpasa ndi nsomba, Nkhwazi ndi mbalame, Vipya ndi mapiri. Ufulu utabwera, kunadza Mtendere ndi Ufulu, ndipo pambuyo pake Chilembwe, dzina la mbusa amene anaukira atsamunda mu 1915. Dzina lakuti Ilala lokha ndilo ladutsa m'nthawi zonsezi. Ambiri amene amati "Ilala yafika" saganizira za dera la ku Zambia kapena za Livingstone. Kwa iwo liwuli limatanthauza tsiku la msika, kufika kwa ufa ndi kubwera kwa m'bale.

M'sitimamo mumakumananso ziyankhulo zimene pamtunda zimatalikirana. Mumamveka Chiyao cha ku Mangochi, Chichewa cha ku Nkhotakota, Chinyanja cha pa Likoma, Chitonga cha ku Nkhata Bay ndi Chitumbuka cha ku Rumphi ndi Karonga. Amalonda a nsomba amasintha chiyankhulo potsata doko limene sitima yaima. Awa ndi malo oyenera kafukufuku wa kubwerekana mawu pakati pa ziyankhulo za m'dziko muno.

9.0 Mawu omaliza

Chimangirizo chino chaonetsa kuti kuyambira mu 1875 kunyamula anthu panyanja ya Malawi kwakhala kukutsamira pa ntchito ina: mishoni, malonda, kenako njanji. Chotsamira chija chitachotsedwa mu 1994, kampani ya sitima inatsala ndi okwera ochepa, osauka ndiponso opanda njira ina, ndipo oyendetsa atsopano aliyense anakumana ndi masamu omwewo. Kusintha dzina la kampani sikusintha mtengo wa dizilo kapena chiwerengero cha anthu a pa Chizumulu.

Maganizo a mlembi ndi akuti ulendo wa sitima uyenera kuwerengedwa ngati msewu. Palibe amene amafunsa ngati msewu wopita kumudzi wakutali wapanga phindu, pakuti misewu imakonzedwa ndi ndalama za msonkho, kuphatikizapo umene umadulidwa pamafuta a galimoto. Anthu a kuzilumba nawo ndi nzika zolipira msonkho. Boma lingathe kulipira woyendetsa aliyense, kaya ndi kampani yake kaya ya eni, gawo la zolowa zimene matikiti sangakwanitse. Pofuna kupewa ulesi umene thandizo lotere limabweretsa nthawi zina, ndalamazo zizilipiridwa pa ulendo umene wachitikadi ndiponso wafika pamalo onse oimapo. Kuonjezera apo, pakufunika madoko m'malo amene anthu akukwererabe m'madzi, komanso sitima yachiwiri yofanana mphamvu ndi Ilala, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ntchito yoitanitsa, kubweretsa ndi kulumikiza sitima yaikulu imatenga zaka. Vipya itamira mu 1946, panapita zaka zisanu kuti ina ilowe m'malo mwake. Anthu a pa Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe sangathe kudikira zaka zisanu opanda msewu wawo, choncho ntchitoyi iyenera kuchitika Ilala ikadayenda.